Funsani Alangizi: Ndathira biochar koma chimanga chabiriwira mochedwa, ndalakwitsa pati?

Moni alimi anzanga nonse. Mwezi uno mauthenga ambiri amene alowa pa foni yanga ndi a nkhani imodzi, ya makala othira m'munda aja anthu akuwatchula kuti biochar, ndipo ochuluka achokera konkuno ku Kasungu ndi kwa anansi athu ku Mchinji. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono poti anali aatali zedi. Kwa inu amene simunamvepo, biochar ndi makala ndithu, kungoti amaotchedwa kuchokera ku zotsala za kumunda monga zitsononkho, makoko a mtedza ndi mitengo ya fodya, ndipo ntchito yake si kuphikira ayi, amakwiriridwa m'nthaka.

FUNSO: Alangizi, chaka chatha ku kalabu kwathu tinaphunzira kuotcha zitsononkho. Ine ndinaotcha matumba atatu, ndinasinja, nkuthira m'mapando tsiku lomwe ndimadzala lomwelo. Koma chimanga chake chinamera chachikasu ndi chopinimbira, mpaka kuposedwa ndi mizere yomwe sindinathire. Abambo akunyumba akuti ndinangotaya nthawi. Ndalakwitsa pati, kapena zinthuzi ndi zabodza? — Mayi wa ku Chamama

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, ndikudziwa kuwawa kwake munthu kutopa ndi ntchito kenako mmera nkutuluka wonyozeka chonchi. Koma nthawi simunataye. Makala aja akadali momwemo m'nthaka mwanumo, sanawole ndipo sawola msanga, ndiye chaka chino ndi zaka zikubwerazi mizere yomweyo ikhoza kukudabwitsani. Pomwe panalakwika ndi pamodzi basi: munathira makala anjala.

Tatengani chitsononkho chimodzi chootcha muchithyole, muyang'ane bwinobwino pa dzuwa. Muona kuti mkati mwake ndi tiziboo tokhatokha, ndipo pali tina tambirimbiri tomwe maso sangaone nkomwe. Ine ndimawauza alimi kuti biochar ndi nkhokwe, si chimanga. Nkhokwe yatsopano yongoluka kumene mulibe kanthu, ndiye mukaikwirira m'phando ili yopanda kanthu chomwecho imayamba yadzaza kaye yokha, imakoka madzi ndi chakudya chomwe chinali pafupi, makamaka nayitirojeni amene amabiriwitsa masamba uja. Komanso ngati makalawo sanapse bwino amatsala ndi timafuta ndi phula, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi timathamangira kudya zimenezo ndipo podyapo timagwiritsanso nayitirojeni yemweyo. Kambewu kanu kakumera kumene, mizu yake ndi iwiri itatu, kangalimbane ndi zonsezo? Nchifukwa chake kanasanduka kachikasu. Paja akuluakulu anati mmera mpoyamba, chimanga chikafooka masabata oyambawo chimavutika kuti chipezenso anzake.

Mankhwala ake ndi kuwadyetsa makalawo asanapite kumunda. Njira yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse, poti siilira ndalama olo imodzi, ndi ya m'khola. Mukaotcha, wazani makala pansi m'khola la mbuzi, nkhumba, ng'ombe kaya nkhuku, kukhuthala ngati zala ziwiri, ndipo muziwonjezera sabata iliyonse. Ziweto zimawaponda nkuwaphwanya zokha, inu osagwira munsi, mkodzo womwe ukanangolowa pansi kapena kuuluka ndi dzuwa umamwedwa ndi makalawo, ndipo mudzaona nokha kuti m'khola mwauma ndi fungo lachepa. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri fukulani zonse pamodzi ndi ndowe, muunjike pamthunzi nkufunditsa udzu.

Ngati mulibe ziweto, alowetseni mu kompositi, koma kuyambira tsiku lomanga mulu, osati kumapeto atapsa kale. Ndowa imodzi ya makala pa ndowa zisanu mpaka khumi za zinyalala ndi manyowa, kuwaza pa mndandanda uliwonse. Miyezi iwiri itatu ija manyowa akupsa, makala nawo akumwa msuzi wake.

Njira yachitatu ndi mkodzo, ndowa ya makala osinja pa ndowa ya mkodzo, kuvundikira masabata awiri. Ndikudziwa ena mwakwinya kale nkhope, ndipo kumudzi kusunga mkodzo wa munthu anthu amakuganizira zina. Palibe wokukakamizani, wa ng'ombe ukugwira ntchito bwinobwino. Ku Nepal kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2015 anaonetsa maungu akubereka kuwirikiza kanayi pomwe anathira makala onyikidwa mu mkodzo wa ng'ombe pamodzi ndi kompositi m'maenje odzalamo, chikhalirecho makalawo sanakwane ndi tani imodzi yomwe pa hekitala. Amene mungasankhe wa pakhomo, ukhale mkodzo wokhawokha wosakhudzana ndi chimbudzi, ndipo muusunge m'chigubu chotseka kwa mwezi musanagwiritse ntchito.

Kuti muone kuti izi si zachilendo, kumbukirani pa bwinja kapena padzala pakale momwe chimanga chimakondwera. Pamenepo panagwa makala, phulusa, mafupa, zitosi ndi zotsala za kukhitchini zonse pamodzi kwa zaka zambiri. Ku Amazon, m'dziko la Brazil, kuli dothi lakuda lotchedwa terra preta lomwe anthu akale analipanga mwanjira yonga yomweyo, ndipo mpaka lero lidakali ndi chonde. Sanali makala okha ayi, anali makala osakanikirana ndi zakudya.

Ndiye kalendala yake ikhale chonchi: kuotcha mu June kapena July mukangomaliza kupukusa chimanga, kudyetsa kuyambira August mpaka October, kuthira mvula ikayandikira. Abambo akunyumbawo awonetseni yankho lino, ndipo muwapemphe akusiyireni mizere khumi yokha yoyeserera chaka chino.

FUNSO: Bambo alangizi, ine ndimaotcha m'diramu. Utsi wake ngoopsa mpaka aneba akudandaula, ndiye ndikatsegula ndimapeza pamwamba phulusa lokhalokha, pansi zitsononkho zakuda kunja koma mkati zofiirira. Nditani kuti zizipsa mofanana? — Bambo wa ku Mkanda

YANKHO: Bambo, utsi woyera wambiri uja ukukuuzani zinthu ziwiri, zoti zootcha zanuzo nzosauma, ndi zoti moto ukuchepa mphamvu. Yambani ndi kuyanika. Chitsononkho chouma bwino chimathyoka kuti thyo, ndipo chimapepuka m'manja. Chachinyezi chimadya kutentha konse pophwetsa madzi, mkati osapsa. Masiku atatu anayi pa dzuwa la July akwana.

Chachiwiri, diramu mungathe kuisiya kaye, kumbani dzenje. Likhale lozungulira, lotambalala kumwamba nkumachepa kupita pansi ngati fanelo, pakamwa pake mita imodzi ndi theka, kuya kufika m'chiuno kapena kuchepera pang'ono. Njirayi inatchuka ndi dzina loti Kon-Tiki, anaifalitsa ndi a Ithaka Institute a ku Switzerland kuyambira 2014, ena amaipanga ya chitsulo koma ya dothi ikugwira ntchito chimodzimodzi ndipo mtengo wake ndi khasu lanu lomwelo. Mumayatsa kamoto pansi penipeni ndi tinkhuni touma, kakakolera mumawaza zitsononkho zochepa, kungophimba moto koma osauzimitsa. Mukaona kuti za pamwambazo zada ndipo zayamba kuyera ndi kaphulusa kopyapyala, wazaninso zina. Mukatero mukatero mpaka dzenje kudzaza, zimatenga maola awiri kapena atatu kutengera ndi kuchuluka kwake.

Chinsinsi chake chili pa malawi a pamwamba aja. Iwo amadya mpweya wonse usanafike pansi, ndiye zomwe zapsa kale pansipo sizisanduka phulusa poti zilibe mpweya, komanso utsi womwe ukutuluka m'zitsononkho umapsera m'malawi momwemo, aneba osatsokomola. Moto wa dzenje lotere umafika madigiri 600 mpaka 700, ndipo pa kutentha kumeneko phula lambiri limachoka, tiziboo timatseguka. Mukathira zambiri nthawi imodzi utsi umayamba, dziwani kuti mwafulumira. Mukachedwa phulusa limachuluka. Pamafunika kuima pomwepo ndithu, si ntchito yoyatsa nkupita ku bawo.

Dzenje likadzaza ndipo malawi achikasu atha, zimitsani ndi madzi ambiri, zidebe zingapo, mpaka nthunzi italeka. Nthunziyo imathandizanso kutsuka tiziboo tija. Kumene madzi ndi ovuta, fotserani ndi dothi lokhuthala nkuponda bwino, musiye usiku wonse. Pano ndikupempheni kusamala, ine ndinatayapo matumba awiri chifukwa ndinalongedza madzulo ndikuganiza kuti zazima, m'mawa ndinapeza phulusa, mwayi wake anali panja osati m'chigafa. Yalani makala pansi agone panja, mulongedze mawa lake. Otchani m'mawa kusanayambe mphepo, lambulani udzu mozungulira, ana akhale kutali, ndipo musayese kuotchera m'nyumba kapena malo otseka poti mpweya wa makala umapha mwakachetechete.

Makoko a mtedza ndi mankhusu a mpunga amavuta m'dzenje chifukwa ngang'onoang'ono, amatsamwitsa moto. Muziwawaza pang'onopang'ono pakati pa zitsononkho. Apa ndi pomwe diramu yanu ingabwerere: ibooleni mabowo pansi, muikhazike pa njerwa zitatu, mudzaze makoko, muyatse pamwamba osati pansi, nkuikapo chivundikiro chokhala ndi chumuni komanso mpata wolowera mpweya m'khosi mwake. Moto umatsika wokha pang'onopang'ono, ukafika pansi mumazimitsa.

Kuyesa ngati apsa nkosavuta. Thyolani, akhale akuda mpaka pakati. Agwedezeni m'manja, abwino amalira ngati magalasi osweka. Nunkhizani, asamveke utsi kapena phula. Kenako afikiseni m'manja nkusamba ndi madzi okha, akachoka opanda sopo ndiye kuti ali bwino, akamamatira ngati girisi sanapse, abwezereni pa moto wotsatira. Amene mukufuna kutsimikiza, tengani mbale ziwiri, ina dothi lokha ina dothi losakaniza ndi makala anu, fesani njere 20 za mpiru mbale iliyonse, pakatha sabata muwerenge zomwe zamera.

Majumbo, mabotolo a mankhwala, mabatire, matabwa opaka penti, zimenezo zisayandikire dzenjelo. Chiphe chake chimatsala m'makala ndipo mukachikwirira m'munda simudzachichotsanso.

FUNSO: Kuno mitengo ya fodya imangotsala m'munda tikathyola. Kodi ingapange biochar, kapena chikonga chake chingaononge mbewu? — Mlimi wa ku Santhe

YANKHO: Ingapange, ndipo wabwino kwambiri. Paja alangizi a fodya amatiuza chaka ndi chaka kuti tizizula mitengoyi tikangomaliza kuthyola kuti matenda ndi tizilombo zisagonere m'munda kudikira fodya wa chaka chamawa, ndiye m'malo moiunjika nkuitentha kukhala phulusa, iduleni zidutswa zotalika ngati mkono, iume, ilowe m'dzenje lija. Ndi mizu yomwe, poti timinyongolotsi totupitsa mizu tija sitingapulumuke pa moto wotero. Chikonga nacho chimatuluka ndi kutentha nkupsera m'malawi, chachikulu musaime kolowera utsi.

Makala a fodya amakhala ndi phulusa lambiri ndi potaziyamu wochuluka, ndiye ngabwino pa dothi la asidi, koma musawaunjike pa nazale kapena kukhudzitsa mbewu mwachindunji. Asakanizeni ndi a zitsononkho. Ndipo inu a fodya wa m'mabalani, makala otsala m'ng'anjo aja musamawataye, sefani phulusa padera makala padera, makalawo apite kukhola.

FUNSO: Achimwene, ine ndamaliza sukulu ya zaulimi ndipo ndikufuna kuyamba bizinesi ya biochar poti makoko a mtedza kuno amangounjikana pomwe pali makina oswera. Pa intaneti ndawerenga kuti akatswiri amanyika makala mu asidi kapena mankhwala ena kuti akhale amphamvu. Ndingagwiritse asidi wa batire ya galimoto? — Mnyamata wa pa Kamwendo

YANKHO: Mphwanga, maganizo a bizinesiwo ndawakonda, koma za asidi wa batire ayi, chonde musayese. Asidi wochokera m'batire yakale amakhala ndi mtovu, ndipo makala amagwira mtovu mwamphamvu, mapeto ake mukhala mukugulitsa chiphe kwa alimi anzanu, osanenanso zakupsa manja ndi maso.

Zomwe mwawerengazo nzoona, zimachitikadi m'malabu. Amanyika makala mu potassium hydroxide kapena phosphoric acid nkuwatenthanso m'ng'anjo zoyezedwa kuti tiziboo tichuluke kwambiri, ena amapaka chitsulo kapena magnesium kuti makala azigwira fosifolasi wa m'madzi oipa. Koma zambiri mwa zimenezo cholinga chake ndi kusefa madzi ndi kuchotsa ziphe za m'mafakitale, ndipo pambuyo pake amatsuka ndi madzi ochuluka nkuyeza ndi makina. Mlimi wa pa Kamwendo sakufuna sefa, akufuna chimanga chipirire ng'amba ndi feteleza wake wodula uja asakokoloke ndi mvula yoyamba.

Zomwe mungachite pakhomo kuti katundu wanu apose wa anzanu zilipo. Choyamba ndi kukula kwa tizidutswa. Chitsononkho chathunthu m'phando sichithandiza kwenikweni, komanso fumbi losalala ngati ufa woyera limauluka ndi mphepo nkulowa m'chifuwa. Sinjani akadali a chinyezi, afike ngati mphale kapena njere za mapira, nkusefa. Ubwino wa makoko a mtedza ndi woti amafumbutuka okha ndi manja. Chachiwiri, sakanizani mitundu: zitsononkho zimapereka tiziboo tosunga madzi, fodya ndi mapesi a mpendadzuwa amapereka potaziyamu, mankhusu a mpunga ali ndi silika wambiri. Chachitatu, mafupa. Pitani kwa ogulitsa nyama ndi okazinga kanyenya mutole mafupa, muwaponye m'dzenje limodzi ndi zinazo, akapsa amasinjika mosavuta ndipo ali ndi fosifolasi ndi kashiamu, zinthu zomwe mtedza umazifuna kuti usachite mphwephwa. Zitosi za nkhuku zokha musaotche, moto umathamangitsa nayitirojeni wake, zimenezo ndi zodyetsera makala akapsa kale.

Za kutentha mudziwenso ichi, poti makasitomala ophunzira adzakufunsani. Moto wochepera, madigiri 350 mpaka 450, umatulutsa makala ochuluka pa kulemera koma otsala ndi timafuta. Moto waukulu, 600 kupita mtsogolo, umatulutsa ochepa koma opanda timafuta, okhalitsa m'nthaka, ndiponso amphamvu pochepetsa asidi. Kwa ife a dzenje tili ku mbali yachiwiriyi, ndipo imagwirizana ndi dothi lathu lambiri la mchenga.

Langizo langa pa malonda ndi loti musagulitse makala anjala. Gulitsani odyetsa kale ndi manyowa, mulembe pa thumba zomwe mwaikamo, ndipo tengani kathumba kamodzi mukayezetse ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, pa msewu wa ku Lilongwe womwewo, kapena ku koleji ya zaulimi ya Bunda. Dzalaninso kamunda kachionetsero pambali pa msewu, mizere ina yothira ina yosathira, anthu aziona okha akamadutsa.

FUNSO: Ndili ndi maekala atatu a dothi la mchenga, feteleza ndikathira amangopita. Ndifunika biochar wochuluka bwanji kuti ndikwanitse munda wonse chaka chino? — Bambo wa ku Chulu

YANKHO: Bambo, pano ndikuuzeni zoona zake ngakhale sizikoma: munda wonse chaka chimodzi simungakwanitse, ndipo amene akukuuzani kuti mungathe sanawerengere. Tiyeni tiwerenge limodzi. Ekala yomwe yakupatsani matumba 20 a chimanga imasiya zitsononkho pafupifupi makilogalamu 200. Mukaotcha bwino mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kulemera kwake, tinene makilogalamu 40 mpaka 50 a makala. Pa kadzalidwe ka Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, ekala imakhala ndi mapando opitirira 21,000. Mukamathira kadzanja kamodzi pa phando, magalamu 20 a makala ouma, mufunika makilogalamu opitirira 400 pa ekala. Ndiye zitsononkho za ekala yathunthu zikukwana mapando 2,000 mpaka 2,500 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ekalayo. Ndipo sitinawerenge zoti amayi kunyumba amaphikira zitsononkho zomwezo nkhuni zikasowa.

Musagwe ulesi ndi masamuwa. Chomwe chimasiyanitsa makala ndi feteleza nchoti makala sathera chaka chimodzi, ndiye mumapita chigawo chigawo, chaka chino apa, chaka chamawa apo. Yambani pomwe pamabweza ndalama msanga, kudimba pa tomato ndi masamba, kapena pa chigawo chomwe chimayamba kufota mvula ikadula masabata awiri. Onjezerani ndi makoko a mtedza, mitengo ya fodya, ya nandolo, ya mpendadzuwa. Mapesi a chimanga ndi masangwi a mtedza asiyeni, amenewo ndi ophimbira nthaka ndi chakudya cha ziweto, ine sindivomereza kuti munda usiyidwe mbee chifukwa cha biochar. Za kukhitchinizo, pali mbaula zina zoyatsira pamwamba zomwe mumaphika ndi zitsononkho nkutsala ndi makala pansi, koma ngakhale pa mafuwa wamba, nsima ikapsa kokerani makala pambali muwazimitse ndi madzi m'malo mowasiya asanduke phulusa. Kachitini patsiku, pa chaka ndi matumba.

Chomwe chikundipatsa chiyembekezo pa munda wanu ndi dothi lakelo. Kwa anansi athu ku Zambia, kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2013 anayesa makala a zitsononkho m'minda ya alimi malo asanu, matani 4 pa hekitala, othiridwa m'maenje odzalamo pamodzi ndi feteleza. Pa mchenga wa ku Kaoma chimanga chinabereka kupitirira kanayi poyerekeza ndi pomwe panali feteleza yekha. Koma malo atatu a dothi lolemera, lamakande, sipanaoneke kusintha kwenikweni. Ndiye nkhaniyi si ya dothi lililonse ayi. Mchenga wa asidi womwe sugwira madzi ndi feteleza ndi umene umapindula kwambiri, ndipo minda yotere kuno ku Kasungu ndi yosayamba. Amene muli pa dothi lakuda la kudambo kapena katondo wachonde kale, yesani mizere yochepa kaye musanavutike ndi maenje.

Onaninso kuti a ku Zambiawo ankathira m'maenje okhazikika, osasuntha chaka ndi chaka. Ife timagumula mizere nkuunda ina m'khwawa, ndiye makala omwe munaika pa phando amabalalika. Satayika, ali m'munda momwemo, koma mphamvu yake imamwazika. Pa chigawo chomwe mwathira makala yesetsani kusunga mizere yomweyo kapena kudzala m'mayenje. Akwirireni akhale pomwe mizu imafika, osawasiya pamwamba poti amapepuka, madzi othamanga amawatenga.

FUNSO: Kodi ndingathire biochar popanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza feteleza, gaga, phulusa ndi ndowe m'thumba? Nanga ndikatero ndingasiyiretu kugula feteleza? — Mayi wa ku Kapiri

YANKHO: Mungathire mayi, ndipo masiku 21 amene thumba limakhala chotseka aja ndi nthawi yabwino yoti makala amwe chakudya. Koma samalani ndi phulusa. Makala ndi phulusa onse awiri amakweza mphamvu yonga ya laimu, ndiye akakumana ndi feteleza wa Urea pa chinyezi, nayitirojeni amasanduka mpweya wonunkha ngati mkodzo wakale uja nkuthawa. Mukatsegula thumba nkumva fungo lolasa m'maso, ndalama zanu zikuuluka pamenepo. Ndiye pomwe mumaika phulusa, theka likhale makala osinja a chinyezi, osati kungowonjezera pamwamba pa muyezo wonse, gaga ndi ndowe zikhale monga mwa nthawi zonse, ndipo pepala la pulasitiki la mkati likhale losabooka, lomanga zolimba.

Zosiyiratu feteleza, ayi, makala paokha alibe nayitirojeni woti nkudyetsa chimanga. Chomwe amachita nkusunga zomwe mwathirazo kuti zisatsike msanga kupitirira mizu. Pakapita zaka, ndi manyowa okwanira komanso kasinthasintha ndi soya kapena mtedza, mudzatha kuchepetsa muyezo, koma muziona kaye momwe mbewu zikuyankhira pa mizere yochepa.

FUNSO: Bwanji ndingogula thumba la makala ophikira pamsika nkusinja, si zomwezo? — Wowerenga wa ku Kasungu boma

YANKHO: Achimwene, chonde ayi. Makala a pamsika ambiri achokera ku mitengo yachilengedwe, tsanya, muwanga, msuku, yomwe yatsala pang'ono kutithera, ndipo malamulo a zankhalango omwe anakonzedwanso mu 2020 amalanga kwambiri kuotcha ndi kugulitsa makala opanda chilolezo. Kudula mtengo wa zaka 40 kuti mukwirire m'munda ndi kuononga mvula yomwe mundawo ukudikira. Komanso makala a uvuni wa dothi amaotchedwa kuti aziyaka bwino pa mbaula, amatsala ndi phula lambiri, sangapambane mayeso a kusamba m'manja aja.

Ngati pakhomo panu mumaphikira makala kale, zinyenyeswa zotsala pansi pa thumba zija musataye kudzala. Zinyikeni m'madzi masiku awiri, tayani madzi oyambawo, kenako muziike mu kompositi kapena pansi pa khola la nkhuku miyezi iwiri musanathire pa bedi la masamba kuseri kwa nyumba.